Ndinagulula dzino la Yusufu chifukwa cha Kaidi wachiwiri

Inu owerenga, ine ndinagulula dzino la mnzanga chifukwa cha gemu ya pa TV, ndipo mpaka lero akamaseka ndimayang'ana pansi.

Sukulu ndinasiyira giledi seveni. Zinali zaka zija makampani atagulitsidwa, bambo atachotsedwa ntchito, katundu wakunja atadzaza m'misika. Amene ananditola ndi Yusufu, mnzanga wa ku Kalingalinga kwathu konkuno. Bambo ake, Ba Saidi, kalipentala wochokera ku Malawi, anatipatsa kantemba, kanyumba kochitiramo malonda, kuseri kwa shedi yawo ya mipando. Yusufu anaikamo TV ndi makina a magemu, ine n'kumayang'anira obwera kudzasewera. Ndinkadyera pomwepo.

Gemu yomwe inkakoka anthu inali ya msilikali wothawa m'ndende, womenya aliyense womutsekera njira. Tinkaitcha Kaidi. Ukaimaliza inkalemba kuti gawo lachiwiri likubwera posachedwa. Posachedwa ameneyo anatenga zaka. Opita ku intaneti m'tauni ankabwera ndi nkhani zosiyanasiyana: akuti opanga ayambana, akuti wamkulu wawo wasiya ntchito, akuti afufuta zonse ayambiranso. Ine ndinkati bodza lokhalokha, gemu imeneyo kulibe.

Komabe mtima ndi wopusa. Kawiri konse ndinagula pamsika disiki ya chikuto chokongola cholembedwa Kaidi wachiwiri. Yoyamba munali gemu yakale yomweyo, atangosintha mtundu wa malaya a msilikali. Inayo munali filimu ya karate. Kuno chinthu chachinyengo timati gong'a, ndiye anzanga anandipatsa dzina loti Ba Gong'a. Dzinalo linkandiwotcha, ndipo ndinayamba kukayikira aliyense wonditchulira gemu imeneyi.

Loweruka lina masana, kantemba katadzaza, Yusufu analowa akumwetulira ndi disiki yopanda chikuto, yolembedwa ndi cholembera chabe. Anati msuweni wake woyendetsa thiraki wabwera nayo kuchokera ku Joni. Kumwetulira kwakeko sindinakukonde. Ndinaganiza kuti apangana kuti andiseke pagulu.

Titaiika, zonse zinkavomereza kukayika kwanga. Nkhope ya msilikali sinali ija, mawu akenso ayi. Akathamanga mwendo unkamira m'simenti. Alonda a ndende ankangoyenda kugunda khoma ngati oledzera kachasu. Titafika pa chitseko chachitsulo, chithunzi chinangouma gwa. Wina kumbuyo anakuwa kuti, “Ba Gong'a, yachitatu iyi!” Kantemba konse kanaphulika ndi phwete.

Ndinafunsa Yusufu ngati amandiona ngati chitsiru. Iye anati, “Iwe mwana, ni yeve iyi, nalumbira. Nkhala pansi tiyambenso.” Ankatanthauza kuti ndi gemu yeniyeniyo, koma sindinamumvere. Ndinagwira chingwe cha padi, ija timagwira posewera, n'kuizunguza mpaka inamupeza pakamwa. Disiki ndinaitulutsa n'kuithyola pabondo. Nditatembenuka, Yusufu anali atagwada, malaya ake oyera ali magazi, dzino lakutsogolo lili m'dzanja.

Ba Saidi anabwera utuchi uli m'manja. Sanakalipe, sanatchule za polisi. Anangoti, “Mwana wanga, siya kiyi apa.” Ndinaisiya, koma ndinachoka ndikudziuza kuti wolakwa si ine.

Patapita milungu ndinalowa m'kantemba kena ku Kaunda Square. Mwini wake anali ndi Kaidi wachiwiri wogula kusitolo yeniyeni, bokosi lake ndi kabuku kake zili pompo. Ndinaima kumbuyo kuonerera. Mwendo wa msilikali unamira m'simenti. Alonda anagunda khoma. Pa chitseko chachitsulo chomwe chija, chithunzi chinauma. Mwini wake anangozimitsa n'kuyatsanso, akunena kuti opanga anatopa nayo, anaiphula isanapse. Yusufu ananena zoona. Gemu yeniyeniyo ndiyo inali ngati gong'a.

Ndinapita kukapepesa. Yusufu anandikhululukira pamaso pa bambo ake, koma pa mpando wanga panali patakhala kale munthu wina. Pano ndimanyamula zitsulo kwa owotcherera mageti.

Anzanga achinyamata, kukayikira amalonda si tchimo. Amatilonjeza zinthu zomwe sanayambe n'kupanga komwe, ndipo ine sindidzawakhulupiriranso. Koma ukapsa mtima, funsa kaye kuti wakunamiza ndani. Amene anatinamiza ali kutsidya kwa nyanja, mano awo ali onse. Ine ndinamenya amene anali pafupi, yemwe ankandidyetsa.

Dzana ndinakumana ndi Yusufu ndili ndi geti pamutu. Anandiimitsa n'kundiuza kuti akuti kukubwera Kaidi wachitatu, wokonza zonse zinalakwika. Ndinati ndidzakhulupirira ndikadzamuona. Iye anaseka kwambiri, mpata wa dzino lija uli poyera, ine n'kuyang'ana pansi.