Bokosi Lalitali

Ndikatsika sitima ya Metro ku Al Qusais, kuno kudziko lachilendo, mphepo imabwera ndi fungo la mafuta a ndege, ndipo ndimayamba ndaima. Limandikumbutsa kampu ya asilikali a ndege, kunja kwa dziko lathu, komwe tinkakhala chifukwa cha ntchito ya bambo. Kampuyo anaitseka kalekale.

Ponyamuka ulendo wina, bambo anandilonjeza njinga. Ndege imene anakwera itabwerako, asilikali anatsitsa bokosi lalitali lokutidwa ndi mbendera, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti akuopa kukanda penti.

“Amayi, njinga yanga ija!” ndinanong'ona, ndikuwakoka chitenje. “Nanga adadi atsalira kuti?”

Amayi anangonditseka pakamwa ndi dzanja lozizira.

Lero ndimanyamula katundu pabwalo la ndege. Anzanga amakuwa “Yalla!”, kutanthauza kuti tifulumire, koma bokosi likakhala lalitali, sindithamanga nalo.