Repu wa amayi wakanidwa chifukwa chokongola

Mwaswera bwanji nonse. Imvani zatichitikira lero kuno ku Nsefu.

Mukudziwa kuti amayi sapopera mankhwala m'dimba mwawo, amangothira manyowa a mbuzi basi. Ndiye tinamva kuti kukubwera bambo wogula ndiwo za alendo a ku loji, akufuna za oganiki zokhazokha, zosapopera mankhwala, ndipo akakonda ndiwo zako azigula kwa iwe sabata iliyonse.

Amayi akuti mlendo sapatsidwa zobookabooka. Alawirira kudimba, asankha repu tsamba ndi tsamba, atola mbozi zonse, atsuka, mpaka kupukuta ndi chitenje chawo cha ku tchalitchi. Repu kuchita kunyezimira!

Bamboyo wafika, watembenuza tsamba, wapukusa mutu. Akuti, "Mayi, uyu wakongola mopitirira. Mwapopera." Amayi kulumbira, iye osamva.

Wapita kwa amake Tisa, aneba athu osapalira aja, amene repu wawo ali ngati sefa. Wapeza chimbozi chonenepa chili pakati pa kudya, wachijambula pa foni kuti azungu akaone umboni, n'kutenga repu yense!

Ine ndati, "Amayi, mbozi zanu zija zili kuti, timuonetse?" Akuti apatsa nkhuku. Umboni wathu wonse uli m'mimba mwa tambala.

Pano amayi akhala pansi pa mtengo wa mango. Angoti, "Zaka zonsezi ndikulimbana ndi mbozi, kani ndi mabwana anga."

Bamboyo abweranso sabata yamawa. Abale, mukuti bwanji? Tikabwereke mbozi kwa amake Tisa, kapena timuitane tambalayo adzafotokoze yekha?