Maso Akumbuyo a Amalume

Chipewa chija chinali chosongoka ngati denga la nkhokwe, cholukidwa ndi masamba ouma, chili ndi kansalu kofiira komangira kuchibwano. Ukachinunkhiza chinkamveka udzu wonyowa ndi kautsi kachilendo. Amalume anabwera nacho kuchokera ku Vietnam atachivala ulendo wonse, poopa kuti m'sutikesi chiphwanyika. Atatsika minibasi pa Luchenza, anyamata a kabaza anawafunsa ngati denga lija lilipira palokha.

Ndinali mu Sitandade 5. Tinkakhala atatu ku malaini, m'nyumba ya esiteti ya zipinda ziwiri: amayi, amalume ndi ine. Nyumbayo inali m'dzina la amalume, chifukwa iwo ndiwo anali pantchito yokhazikika, makaniko wa m'fakitale ya tiyi. Amayi ankathyola tiyi nthawi ya mvula yokha, mvula ikatha dzina lawo linkachoka pa mndandanda. Ndiye kuti malata amene tinkagona pansi pake anali omangiriridwa ku ovolosi ya amalume. Izi ndikuziona lero. Nthawi imeneyo ndinkangoti ndi kwathu.

Esiteti inkagula makina atsopano operera tiyi, ndipo bwana wamkulu anatenga amalume kuti akawaphunzire, poti ndiwo adzawalumikize akafika. Anakhalako masabata awiri. Za makinawo sankakamba zambiri. Nkhani yawo inali ya masiku awiri omaliza, pamene eni makina anawatengera kukaona tauni yakale yamalonda yotchedwa Hoi An.

Tauni imeneyo ndinaiyenda ndili pakhonde, ndikusenda chinangwa. Nyumba zonse zachikasu, madenga a matailosi omera ndere. Mlatho wamatabwa wokhala ndi denga lakelake, womangidwa ndi amalonda akale. Nyali zansalu zolendewera m'misewu ngati mapapaya akupsa. Ankati kalekale zombo zamayiko ambiri zinkaima pamenepo, mpaka mtsinje unadzaza mchenga zombo n'kuyamba kupita kwina. “Tauni inangokhala, mphwanga, kudikira,” ankatero, “ndipo taona, anthu anabwereranso.” Ine ndinkamva za kubwererako. Sindinafunse kuti anadikira zaka zingati, kapena kuti amene anayamba kudikirawo ndi omwewo anaona anthu akubwera.

Kunja kwa tauniyo, ankati, kuli timitsinje tambirimbiri tolowa m'minda ya mpunga, mitengo yonga migwalangwa itamera m'madzi momwemo. Kumeneko anakwera bwato lozungulira, dengu lenileni la nsungwi lomatidwa phula, wopalasa wake mayi wachikulire wotha mano. Mayiyo analizunguza pakati pa madzi mpaka amalume anaitana mizimu ya kwawo m'Chilomwe. Kenako anawapatsa kachingwe kowedzera nkhanu, osagwira ndi imodzi yomwe.

Koma nkhani imene inkabwerezedwa tsiku lililonse inali ya suti. Mu tauni muja muli matelala osoka suti tsiku limodzi. Amalume analowa mu shopu ya mayi wina, mayiyo n'kulemba mtengo pa kalikuleta. Iwo analemba wawo. Mayi anagwira pamtima ngati walasidwa. Amalume anaika kalikuleta pansi, n'kutuluka, n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera ku mlatho uja. Asanafike, anamva patapata wa masilipasi, mayi uja n'kuwakoka malaya.

“Lamulo ndi limodzi,” ankatero akusisita suti yotuwayo. “Ukanena mtengo wako, nyamuka. Ndipo osatembenuka. Ukatembenuka wadzigulitsa.”

Lero ndimagulitsa nsapato za kaunjika pa msika wa Luchenza, ndipo lamulo limeneli ndimalidziwa kuchokera mbali inayo. Ine ndine wa masilipasi uja. Ndinathamangirapo mzimayi mpaka pa siteji, nsapato imodzi m'manja, ndikumutchula mlamu, pamene inzake inali itabedwa kumbuyo. Ndikanakhala wamkulu chaka chija ndikanawauza amalume chinthu chimodzi: munthu amakuthamangira ngati kumbuyo kwako kulibe wina. Pa geti ya esiteti yathu pankakhala anthu m'mawa uliwonse, atakhala m'mphepete mwa ngalande, makasu pakati pa miyendo.

Inali nthawi ya chiperoni, kamvula kowaza kosatha, tiyi atadulidwa mpaka kutsala zitsa zakuda, fakitale ikugwira masiku owerengeka. Lolemba lina amalume anavala suti m'malo mwa ovolosi. Amayi ataona anasiya kutsuka mbale. “Achimwene, mukanadikira mvula,” anatero. Iwo anayankha kuti makina ali m'njira, ndipo m'Thyolo monse munthu woadziwa ndi mmodzi. Ankafuna awakweze akhale woyang'anira amakaniko onse, apo ayi ntchito aisiya.

Ine anandiuza kuti kusukulu ndisapite, pali ntchito. Popeza iwo saloledwa kutembenuka, pankafunika wina wowayang'anira kumbuyo. “Iwe ndiwe maso anga akumbuyo,” anatero, n'kundiveka chipewa. Palibe udindo umene ndinaunyadirapo chotero, ngakhale wa usekilitale wa komiti yamsika umene anandichotsa chaka chatha.

Ndinadikira panja pa ofesi. M'kati munkamveka mawu a amalume okha. Kenako anatuluka, chibwano m'mwamba, n'kuyamba kuyenda mumsewu wa mabulugamu wopita ku geti. Ankayenda ngati wanyamula madzi odzaza m'beseni. Ine ndinkayenda chafutambuyo pambali pawo.

“Akubwera?”

“Ayi.”

Masamba a bulugamu ankadontha madzi pa chipewa, tho, tho. Kufakitale kunkachokera fungo la tiyi wowotcha, lija limalowa mpaka m'bulangete.

“Nanga pano?”

“Kwatuluka galu wa abwana.”

Tinafika pa geti. Mlonda anatitsegulira n'kuwachitira sawatcha chifukwa cha suti. Kunja amalume anaima nthawi yaitali akumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Kenako anati azungu ndi anthu a mapepala, sathamanga okha, amatuma mesenjala.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inasamukira pa chulu cha kuseri kwa malaini, pamene pankaoneka msewu wonse wochokera ku ofesi. Mesenjala anali ndi njinga yakuda ya belu. Ndinkaidziwa ili kutali ngati kadontho. Inkabwera, kudutsa, kupita ku nyumba ya kapitawo kapena ku chipatala. Madzulo ndinkapereka lipoti. Aphunzitsi anandipeza pachulupo tsiku lina akuchokera kusukulu, n'kundifunsa ngati ndalembedwa ulonda. Nditawafotokozera, sanaseke. Anangoti, “Mawa ubwere, mpando wako ulipo.” Sindinapite. Ndinkaopa kuti njinga ingabwere maso akumbuyo ali pa masamu.

Amayi anayamba kupita kwa Mphuka kukagwira ganyu yokolola nandolo. Ankabwera mapazi atang'ambika, kanandolo kali kumpango. Usiku wina anati, “Pitani mukapepese, anthu amapepesa.” Amalume anati kupepesa ndi kutembenuka komwe. Ndipo ine, chitsiru cha mwana, ndinali mbali ya amalume. Ndinkaona ngati amayi sadziwa malonda.

Kuti abwana aone kuti munthu sakuvutika, amalume anaganiza zopanga bwato lija. Ankati adzaolotsa nalo anthu mitsinje ikadzaza, ndipo esiteti ikadzabwera kudzawapempha adzayamba aganiza kaye. Anapita kwa mkulu wina woluka madengu othyolera tiyi, n'kumujambulira pansi ndi kamtengo. Mkuluyo anayang'ana, n'kufunsa kuti wodzabereka dengu limenelo ndi ndani. Analuka ndithu, koma manja a munthu amakumbukira zawo. Zaka zonse ankaluka madengu oti mphepo izilowa tiyi asapse, ndiye lathulinso linatuluka ndi maso ponseponse. Tinawatseka ndi phula lotola pamene ankakonza msewu, losungunula m'chitini. Ndili ndi chipsera pa chala ichi mpaka lero.

Tinaligubuduza ngati tayala mpaka ku damu la esiteti, ana a malaini onse ali pambuyo. Anayamba kundikweza ine. Linayandama. Zimenezi ndimaumirira pouza anthu: linayandama. Madzi anali obiriwira, ozizira, mapiri a tiyi akuzungulira pang'onopang'ono, chipewa chili kumutu, ndipo kwa kanthawi ndinali ku Hoi An. Kenako analowa amalume. Phula linalira ngati chikonyo chothyoka, madzi n'kutulukira m'maso onse nthawi imodzi. Tinamira pofika m'chiuno, amayi ochapa akugwa ndi phwete. Amalume anatuluka n'kunena kuti vuto ndi nsungwi za kuno. Dengulo tinalisiya momwemo. Ankati achule analikonda.

Makina anafika mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, pa lole yaitali yokutidwa lona. Ndinathamanga kuchokera pa chulu mpaka kugwa kawiri. Amalume anapukuta suti n'kukhala pakhonde, manja pamaondo. Tinadikira tsiku limenelo ndi lotsatira. Tsiku lachitatu tinamva kuti makinawo abwera ndi eni ake, anyamata awiri a ku Vietnam, odzawalumikiza ndi kuphunzitsa amene alipo. Amene analipo anali mnyamata yemwe kale ankawanyamulira amalume masipanala.

Ndinapita kukawaona pa mpanda wa fakitale nditavala chipewa, poganiza kuti akachiona adziwa kuti ndife abale. Mmodzi anabwera akuseka, n'kuchigwira. Ndinati, “Hoi An.” Anapukusa mutu n'kunena m'Chingerezi chothyokathyoka, chofanana ndi changa, kuti iye sanafikeko, n'kokwera mtengo, n'kwa alendo. Anandipatsa switi yokoma ngati kokonati. Kunyumba sindinanene zimenezi. Linali lipoti loyamba limene ndinabisa.

Njinga yakuda inaima pakhomo pathu sabata yotsatira. Ndinaiona ikukhota ndipo ndinakuwa mpaka malaini onse anatuluka. Mesenjala sanatsike n'komwe, anangopereka envulopu ali pa chishalo. Amalume anawerenga, n'kupinda, n'kuika m'thumba la suti. Inali kalata yotitulutsa m'nyumba. Amayi analowa n'kuyamba kuchotsa makatani.

Tinasamuka Loweruka m'mawa, mvula yoyamba itagwa usiku wake. Nthaka inkanunkhira, zitsa zija zitaphuka timasamba tonyezimira, ndipo pa geti panali mzere wa anthu odzalembedwa yothyola. Katundu anatsogola pa ngolo kupita kwa Kapichi, kwa achibale a amayi. Amayi anali patsogolo ndi mtolo pamutu, osayang'ana uku ndi uku. Amalume anavala suti. Ankayenda mayendedwe aja a beseni lodzaza, ndipo ine, osauzidwa, ndinayamba kuyenda chafutambuyo.

Titangodutsa geti ndinaona munthu akuthamanga kuchokera ku malaini, dzanja lili m'mwamba. Anali mlonda wamkulu, majombo akulira m'matope.

“Akubwera!” ndinanong'ona. “Amalume, akubwera! Akuthamanga!”

Sanatembenuke. Koma ndinaona khosi lawo likuwongoka, dzanja likukonza kolala.

“Bambo! Taimani, bambo!”

Anayendabe mapazi atatu, monga mwa lamulo, n'kuima. Mlonda anafika ali wefuwefu, n'kuwagwira mkono wa suti, pamalo pomwe paja ankatisonyeza kuti mayi wa ku Hoi An anagwira.

“Pepani bambo,” anatero. “Makiyi a nyumba. Olowamo afika kale.”

Amalume anapisa m'thumba. Ine ndinawakoka jekete, n'kuwauza chapansipansi kuti asapereke msanga, anene kaye mtengo wawo. Mlonda anayang'ana kumbali. Amalume anaika makiyi m'dzanja lake, n'kunena kuti zikomo, ndipo chitseko chimavuta, azichikankha ndi bondo.

Sanadzagwirenso ntchito ya m'fakitale. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango mpaka maso anafooka. Suti tinawaika nayo m'manda. Chipewa amayi ankavundikira nacho nkhuku yofungatira, mpaka chiswe chinachimaliza. Sukulu ndinaisiyira pa chulu paja.

Koma m'mawa umenewo, mumsewu wamatope wa kwa Kapichi, ine ndinali wokondwa. Lamulo linali litagwira ntchito: tinanyamuka, sitinatembenuke, munthu anatithamangira. Ndinkangodabwa kuti amalume, katswiri wa ku Hoi An, agonja bwanji pa mtengo woyamba. Ndinaganiza kuti mwina ndi njira ina ya malonda imene anali asanandiphunzitse, ndipo kuti wachiwiri akubwera. Ndiye ndinapitiriza kuyenda chafutambuyo, maso ali ku geti imene inkacheperachepera, ndikudikira kuti andifunse ngati akubwera. Tinayenda mpaka dzuwa kufika pamutu, osandifunsa.