Mapepala a Abusa m'Beseni Langa

Chaka chimenecho sopo ankasowa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndinaima pamzere m'tauni kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu kuti ndipeze mmodzi yekha. Sanali wa ana anga ayi. Kutchalitchi kwathu ku Kabwata kunabwera mlaliki wa chitsitsimutso, mphunzitsi wa abusa, ndipo ife amayi a mumpingo tinagawana ntchito: wina kuphika, wina kusesa, ine kuchapa.

Analalikira kuyambira Lolemba. Anthu ankalira, ena kubweza zinthu zimene anaba kalekale. Ine ndinkakhala kutsogolo, mwana kumsana, osaphonya liwu.

Lachisanu ndinaviika jekete lawo osapisa m'matumba. Pofinya ndinakhudza chinthu chofewa. Mapepala! Inki yonse itasungunuka, madzi abuluu okhaokha.

Mnzanga wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. "Ba neba, bwanji? Mwawasha Baibo?"

"Musaseke, anzanga, ndafa ine."

"Yanikani pa malata, mukakambe ati ni mvula." Mvula mu Okutobala, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo!

Ndinazungulira nyumba, kukhala pansi, kunyamukanso, pemphero osatuluka. Kenako ndinakulunga phala la mapepalalo m'chitenje, ulendo wapansi mpaka ku Woodlands kumene mlaliki uja ankagona. Ndinagwada pakhomo.

Abusa atatuluka, ndinawaonetsa phalalo. Anati anali maulaliki a sabata yonseyo, amene ankafuna kuwasandutsa buku, ndipo analibe ena. Nkhope yawo inagwa, ndisaname.

"Mayi, munalipo Lachiwiri?"

"Ndinalipo, abusa."

"Ndinati chiyani?"

"Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4."

"Sindinafunse za sukulu. Khalani pampando apo."

Ndinayamba kunena, iwo akulemba. Pena ankaimika cholembera. "Ndinatero ine?" Ndikati eya, ankaseka, n'kulemba. Ndinapitako masana atatu, ntchito zapakhomo zitaima.

Abusa aja anamwalira kalekale. Buku lija linatuluka m'Chingerezi, ndipo ndimamva kuti abusa achinyamata amaliphunzira mpaka lero. Ndimathokoza Mulungu kuti bambo aja sanandinyoze, anandikhazika pampando. Koma mtima sukhala pansi. Pali mawu ena okhudza kukhululuka amene ndinawauza molimba mtima, ndipo lero sindidziwa ngati ndinawamva kwa iwo kapena kwa amayi anga ondibereka. Nanga ngati ndinawaika m'kamwa zimene sananene?

Mwana wanga wamkazi akabwera kuchokera ku Chelstone ndimamupempha andimasulire tsamba limenelo. Amamasulira bwinobwino. Ndimati abwerezenso, pang'onopang'ono.