Masabata Asanu ndi Limodzi Opanda Petronella

Petronella Daka sadziwa kukhala pansi. Anabadwira mu Lusaka momwemo, makolo ake atachoka ku Katete kalekale, ndipo amakhala ku Libala ndi mwamuna wake Saul, mphunzitsi wopuma ntchito. Kwa zaka khumi ndi zinayi wakhala akuyang'anira antchito pa kampani yaying'ono yochapa ku Kabwata, ya a Dunstan Miti. Amachapa nsalu zapabedi ndi matawulo a malo ogona alendo a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, komanso nsalu za kachipatala kena ka ku Chelstone. Anzake amati akamalankhula nawe maso amakhala ali kwina, pa waya wolendewera kapena paipi yodontha.

Chaka cha chilala chija, magetsi atayamba kuzima tsiku lathunthu, ntchito inatsala pang'ono kuima. Popanda magetsi makina sazungulira, ndipo pampu ya pachitsime sikoka madzi. A Dunstan anagula jenereta nayesa kuti nkhani yatha. Petronella anaizungulira kawiri, n'kufunsa kuti ikafa achita chiyani.

"Ba Petronella, chinthu chabwela lelo, imwe mwayamba kale kuchilila malilo?" anatero a Dunstan akuseka.

Iye sanaseke. Sabata lomwelo anakwera minibasi kupita ku Avondale kukaonana ndi Lena, mayi amene ali ndi malo ake ochapira. Ankalimbirana makasitomala, koma magetsi a ku Avondale ankazima nthawi yosiyana ndi a ku Kabwata. Anagwirizana pakamwa kuti amene kwake kwayaka azichapirako mnzake. Atabwerako anaumiriza a Dunstan kugula mathanki awiri a madzi, iye n'kukasaka nsimbi zamakala ku Kamwala. Jenereta itafadi mu Okutobala, nsalu zinapitabe kwa eni ake pa nthawi yake, ndipo a Dunstan analeka kumuseka.

Tsoka linamupeza mu Januwale. Anali ku Kamwala kukagula sopo, mvula itangokata, madzi ataphimba msewu ndi ngalande zomwe. Anaponda pamene ankayesa pansi, mwendo n'kulowa m'dzenje. Anthu anamunyamula akulira, sopo ali mbwee m'matope. Kuchipatala anati fupa la pakakolo lathyoka, namumanga chikhakha, namuuza kuti akhale pakhomo masabata asanu ndi limodzi.

Tsiku lachiwiri foni inayamba kulira asanamwe n'tiyi yemwe. Anali Chantelle, mayi wa ana awiri amene amayendetsa makina.

"Ba Petronella, muli shani? Pepani, pampu yapsa. Uja amakonza ni ndani?"

Nambala yake inali m'foni ya Petronella yekha. Anaitumiza. Patangopita kanthawi Chantelle anaimbanso: mpope wa pathanki unali ndi loko, kiyi ili kuti? Petronella anapisa m'chikwama chake, naipeza ili m'kathumba ka m'kati. Saul anakwera minibasi kukaisiya. Masana anaimba Reuben, bambo wa imvi amene amayendetsa galimoto ya kampani. Anali ataima pa geti la Lena ndi mitolo makumi awiri, koma Lena anali ku maliro ku Choma, ndipo antchito ake anati pangano limenelo sakulidziwa. Nsalu za kachipatala ka ku Chelstone zinachedwa masiku awiri. Namwino wamkulu wa kumeneko anaimba yekha, mawu ali ozizira, kunena kuti odwala ayamba kuyala zitenje zawo pabedi. Sabata lisanathe, malo amodzi ogona alendo a ku Kabulonga anawasiya n'kupita kwina.

Poyamba, pansi pa mtima, Petronella ankamva kukoma pang'ono kuti popanda iye zinthu sizikuyenda. Za odwala zija zinamuchotsa kukoma konseko. Ankadumphadumpha ndi ndodo kuchokera pampando kupita pazenera, n'kubwerera, foni ili kukhutu. Lachisanu Saul anamulanda foniyo naiika pamwamba pa kabati.

"Amake Julia, munakonzekera magetsi, munakonzekera madzi," anatero. "Koma zonsezo munazisunga m'mutu mwanu, ndipo mutuwo uli muno m'nyumba. Anzanu mwawasiyira chiyani?"

Petronella anakwiya. Zaka zonsezi ankadziwa kuti iye ndiye amaona patali pakampanipo. Sanaganizepo kuti tsiku lina chosowa chidzakhala iyeyo.

Loweruka masana anaitanitsa a Dunstan, Chantelle ndi Reuben. Anakhala pakhonde, mwendo ataukweza pa mpando wina, napatsa Chantelle kope ndi cholembera. Anayesetsa kuti asawauze chochita, koma awafunse. Madzi atha, muyamba ndi chiyani? Makina awiri afa tsiku limodzi, nsalu za ndani zikhala patsogolo? Mzinda watsekedwa chifukwa cha kolera, antchito a ku Chawama sangathe kubwera, muitana ndani? Iwo akazengereza, lilime linkamuyabwa, ndipo kangapo konse analephera kupirira, nayankha yekha. Saul ankatsokomola m'nyumba pomukumbutsa, iye n'kuwasiya ayankhe okha.

Zina zimene zinatuluka iye sankazidziwa n'komwe. Reuben ananena kuti mvula ikagwa kwambiri pali misewu iwiri imene galimoto singadutse, ndipo anali ndi njira zake zolambalala zimene sanauzepo munthu. Chantelle ananena kuti makina akale aja amakana kuyaka pa jenereta ngati chowumitsira chili choyatsa. Zonse zinalembedwa. Pomwe dzuwa linkapendeka, masamba khumi ndi awiri anali atadzaza. Anawajambulitsa patatu: ena pakhoma la kuntchito, ena m'galimoto, ena kunyumba kwa a Dunstan. Makiyi anakasulitsa ena m'tauni. Lena atabwerako ku maliro, a Dunstan anapita okha ku Avondale, ndipo pangano lija linalembedwa papepala, antchito a mbali zonse akuona.

Mtima wa Petronella sunakhazikikebe. Anati zolemba n'zolemba, akufuna aone ngati manja akuzidziwa. Anapangana ndi a Dunstan kuti Lachitatu m'mawa, magetsi alipo, azimitse swichi yaikulu osachenjeza munthu, ndipo anene kuti jenereta nayo yafa. Kunali chipwirikiti. Makala a nsimbi anapezeka onyowa, ndipo Reuben anali ku Woodlands ndi foni yopanda moto. Panapita maola awiri mtolo woyamba usananyamuke. Chantelle anaimba atapsa mtima.

"Manje imwe muli pa nyumba, mutivutitsa ise na masewela?"

"Si masewera," anayankha Petronella. "Sabata la mawa tibwerezanso, koma tsiku sindikuuzani."

Ulendo wachiwiri anatha m'mphindi makumi anayi. Kuyambira pamenepo foni inayamba kulira mwa apo ndi apo, kenaka masiku ena osalira n'komwe. Petronella ankaitenga, kuiyang'ana, kuibwezera patebulo. Anasanja mbale zonse za m'kabati, nasokanso makatani amene sanang'ambike.

Anabwerera kuntchito kumayambiriro kwa Malichi, akutsimphina ndi ndodo imodzi. Anapeza masamba a pakhoma aja atadetsedwa ndi zala, mizere ina itafufutidwa, ina italembedwa ndi dzanja la Chantelle. Dongosolo lochapira anali atalisintha: matawulo, amene amachedwa kuuma, tsopano ankayamba m'mawa. Petronella anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma atayang'ana mashelefu anaona kuti mitolo ya Lachinayi inali itapindidwa kale, lili Lachitatu.

Panja Reuben anali kulongedza mitolo ya ku Chelstone. Petronella anaima pakhomo namuyang'ana akuwerama, dzanja lina atagwira msana.

"Ba Reuben, kupatula inu, ndani wina pano amayendetsa galimoto?"

"Kulibe, mayo. Ni ine chabe."

Petronella anatembenuka nakuwa kupyola phokoso la makina. "Ba Chantelle! Bwerani kuno. Munagwirapo chiwongolero?"