Sipika ya apongozi anaimata chigamba cha njinga

Munthu uja anatsala pang'ono kundilanditsa mkazi, iye ali phee pampando wake! Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawira, kenaka ndimaseka mpaka misozi.

Inali nthawi ya Chitaganya, tauni yathu ikadali Foti Jemisoni. Ndinkaphunzitsa ku Madzimoyo. Mkulu wanga anandibweretsera gitala la besi kuchokera ku migodi, la zingwe zinayi zonenepa ngati zomangira mbuzi. Koma besi popanda ampulifaya simveka. Dera lonse ampulifaya inali imodzi, ya a Jere, mkulu wa mpingo, yolengezera pa misonkhano ya panja. A Jere omwewo ndiwo bambo a Esinati, mtsikana amene ndinali nditafunsira. Ndinakabwereka kuti ndikayimbe pa ukwati wa mnzanga.

"Mwana wanga, ibwere momwe yachokera," anatero a Jere.

Ndinati ndiyambe ndafunsa odziwa. Lachisanu, naini koloko, ndinafika pa kasitolo kena kuseri kwa msika, njinga itasenza katundu yense. Mwini wake ankakonza mawayilesi ndi njinga, ndipo ankadzitcha yekha Injiniya. Funso langa linali limodzi: kodi kasipika aka kangapirire besi?

Anaseka. Akuti sipika ndi sipika basi. Akuti ili ngati ng'ombe yatsopano pa goli, ukamaimvera chisoni siphunzira kulima.

"Tsegulani fulu, aphunzitsi! Volyumu fulu, besi fulu. Izolowere!"

Anandilumikizira nthambo, nandilipiritsa mashileni awiri. Kuyesako? Akuti batire lake latha.

Loweruka, thu koloko masana, anthu adzaza pansi pa mitengo ya mango. Talumikiza ku batire la lole. Ndatsegula fulu, monga ananenera katswiri. Nyimbo yoyamba, eee, amayi inu! Fumbi linkavina lokha pamwamba pa bokosi. Nthungululu ponseponse. Ine ndinkadzimva ngati Boma lonse ndi langa. Sipika inayamba kuchita "prr, prr," ine n'kumati ndiko kuzolowerako. Nditakoka chingwe chachikulu chija, phwaa! Pepala la sipika linang'ambika pakati, anthu n'kutsala akuvina opanda nyimbo.

Lolemba, eyiti koloko, ndili pakhomo pa Injiniya. Anatsegula teni koloko, akudya nzimbe. Akuti vuto ndi zala zanga, zinazolowera khasu. Akuti magitala a ku migodi amakhala ndi magetsi ambiri. Magetsi ake ati, gitala lopanda ngakhale batire? Nditakweza mawu, anasuzumira m'bokosi muja.

"Aa, iyi ndi pankicha chabe, aphunzitsi. Osadandaula."

Ine ndikuona ndi maso angawa, anadula chubu chakale cha njinga, kupaka solushoni, kuuzira katatu, kumata pa pepala la sipika. Shileni ina. Anachita kundiuza kuti tsopano yalimba kuposa yatsopano.

Ndinakabweza kwa a Jere osanena kanthu. Pamenepo ndinalakwa ndine, ndikuvomera. Mantha anandipusitsa.

Lamulungu kunali msonkhano waukulu wa panja, tsiku lomwe a Jere ankayenera kulengeza ukwati wathu. Anaimirira atavala jekete lawo lakuda, pepala m'manja. Atati "Abale ndi alongo," zomwe zinatuluka zinali ngati chule ali m'ndowa. Anabwerezanso, chule anabwerezanso. Ana anagwa nako kuseka. Amayi a Chigwirizano anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Abusa anayamba chifuwa chosadziwika kochokera. Ine ndinaluma mlomo, koma chinandipulumuka chikhakhali, ndipo chinamveka kuposa sipika.

A Jere anatembenuza bokosi, naona chigamba chofiira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapinda pepala la chilengezo n'kuliika m'thumba.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinadikira chilengezocho, mpaka sipika ina itabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Esinati anakhala milungu itatu osandiyankha ngakhale moni. Injiniya? Tikakumana pamsika ankandifunsa ngati chigamba chikugwirabe.

Inu oyimba besi, mverani amene anapsa. Besi imafuna sipika yakeyake, yaikulu, ya pepala lolimba, m'bokosi lotseka bwino. Lumikizani nthambo volyumu ili pansi, kwezani pang'onopang'ono. Mukamva ikulira mogwedera, tsitsani msanga, ikukupemphani kuti muileke. Ndipo munthu akakuuzani kuti "tsegulani fulu," m'funseni ngati sipikayo ndi ya apongozi ake.

Pa ukwati wathu besi sinalire. A Jere analamula kuti gitala likagone kwa abusa mpaka alendo onse atabalalika. Ndinakalisiya ndekha m'mawa wa tsikulo, ndili mu suti, ndipo pobwerera ndinathamanga njira yonse poopa kuti angasinthe maganizo.