Nkhope ya Esinati

Ndinadzuka tambala asanalire, mwana wanga wa miyezi isanu akali pabere. Azimayi amene anachezera kuimba anali atagona pamphasa, mitu pamiyendo ya anzawo. Pabwalo la nyumba ya amayi ku Malota azibambo ankasonkhezera zitsa, mgolo wa tiyi uli kale pamoto. Linali tsiku loika mkulu wanga Esinati.

Esinati ndiye ankasoka zovala ndi kukonza nkhope za gulu lina la masewero m'tauni muno. Zaka zimenezo masewero ambiri anali a Edzi. Ankatenga mwamuna wojintcha, n'kumupaka phulusa pamilomo ndi makala m'munsi mwa maso, n'kumuveka jekete lalikulu kuti mapewa agwe, ndipo anthu m'holo ankalira. Ine ndinkamugwirira chitini cha zodzola. Matenda omwewo ndiwo anamutenga, atamudya chaka chathunthu.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena wapansi kuchokera ku Mukuni. Amalume anagamula kuti bokosi lisatsegulidwe, anthu angalankhule. Ndinati nkhope ndiikonza ine. Apongozi anga anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Imwe amake mwana, woyamwitsa sagwira maliro. Mukagwira, mwana nizayenda naye."

Ndinawasiyira mwanayo kuti andigwirireko, n'kukwera galimoto ya kumochale, chitini ndachibisa m'chitenje.

Kumochaleko azakhali awiri anamusambitsa Esinati mofulumira, maso ali kumbali. Apa ndiulule. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji, masewero aja ndinawaonera onse, ndipo ndikudziwa kuti matendawa sayenda pogwirana tsaya. Komabe ndinavala mapulasitiki a buledi m'manja, awiriawiri. Munthu amene ankandisambitsa ndili mwana ndinamugwira ngati nsomba ya pamsika. Ndinamuika thonje m'masaya, mafuta pamilomo yong'aluka, paudala katatu chifukwa khungu linkangomumwa. Nsidze ndinajambula. Kumutu ndinamuveka wigi ya mkwatibwi wa m'sewero lina, poti tsitsi linali litatha.

Kunali kutentha kwa mu Okutobala, mphepo kulibe. Tinapita kutchalitchi pa malole awiri ndi minibasi, anzake a masewero atawakankhira ku lole ya kumbuyo, kufumbi. Amalume anasuzumira m'bokosi, n'kulola kuti litsegulidwe. Anthu anadutsa pamzere. Mayi wina ananong'oneza mnzake kuti, "Ba Esinati banali chabe bwino, onani masaya."

Kenako amalume anaimirira kunena mbiri. Anati Esinati anali telala wa manja abwino, wamwalira ndi malungo a masiku atatu. Za masewero sanatchule. Anthu anavomera ndi mitu, chifukwa umboni anali atauona okha m'bokosi, ndipo umboniwo ndinaupanga ndine. Mtsikana wina wa m'gulu lija anaizindikira wigi, anandiyang'ana nthawi yaitali. Gululo linali litakonza nyimbo, koma nthawi akuti inatha.

Kumanda mchenga unkaotcha mapazi, ndipo dzenje linadzaza msanga. Nkhata anaika mabanja, a tchalitchi, a chigawo. A masewero anaika yawo anthu atayamba kale kukwera malole.

Titabwerera ndinasamba m'manja pageti ngati wina aliyense, n'kuthamangira m'nyumba. Mwana munalibe, thewera lake munalibe. Mwamuna wanga anati apongozi apita naye kwawo ku Nottie Broadie mpaka ndidzasambe mankhwala.

"Ni masiku chabe," anatero akuyang'ana nsapato zake. "Osakangana nabo."

Mwanayo botolo salidziwa, ndipo sagona popanda kugwira khutu langa.

Madzulo anthu anabalalika, moto unazima, mabenchi anabweza kutchalitchi. Amayi anagona osadya. Ndinakhala pa mpando wa makina osokera a Esinati, bulauzi itanyowa, mabere akupweteka ngati zithupsa. Ndinakamira mkaka m'kapu n'kukautaya kuseri kwa nyumba. Palibe anandiuza kuti masikuwo ndi angati.